Makamera a pa Maloboti mu Mzinda wa Chicago

Makamera a pa maloboti ndi makina amene amajambula nambala ya galimoto yodutsa pa mphambano getsi lofiira litayaka kale. Chithunzicho chikaunikidwa, kalata ya chindapusa imapita kwa mwini galimoto, ngakhale ankayendetsa ali wina. Mzinda wa Chicago ku America unayamba kuika makamerawa mu 2003, ndipo chindapusa chake lero ndi madola 100.

Ngozi yoopsa kwambiri pa mphambano ndi yogundana m'nthiti, poti wokhala m'galimoto amangotchingidwa ndi chitseko basi. Mu 2014 nyuzipepala ya Chicago Tribune, mothandizidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Texas A&M, inapeza kuti ngozi zotere zovulaza anthu zinachepa ndi 15 peresenti pamalo a makamera. Koma zogundana kumbuyo zinakwera ndi 22 peresenti, chifukwa dalaivala akaona getsi lachikasu amaponda buleki mwadzidzidzi poopa chindapusa, wam'mbuyo n'kumulowa.

Chimene chinachotsa chikhulupiriro cha anthu ndi katangale. Mu 2012 nyuzipepala yomweyo inaulula ubale wachinyengo pakati pa kampani ya Redflex, imene inkaika makamerawa, ndi John Bills, mkulu wina wa zamaulendo mu mzindawu. Bills ankalandira ndalama pa kamera iliyonse yatsopano, kuphatikizapo nyumba ku Arizona. Mu 2016 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 10, ndipo Karen Finley, yemwe anali mkulu wa kampaniyo, nayenso anamangidwa. Munthu wolandira cham'thumba pa kamera iliyonse sangafunse ngati mphambano ili yoopsadi, amangofuna makamera achuluke.

Nkhani ya getsi lachikasu ndi yopweteka chimodzimodzi. Ku Chicago limayenera kuyaka masekondi osachepera atatu, koma mu 2014 mzindawu unayamba kulipiritsa ngakhale pamene layaka masekondi 2.9 okha. Kachidutswa ka nthawi kameneka, kosakwana n'kuphethira komwe, kanabala zindapusa pafupifupi 77,000. Apa palibe moyo umene unapulumutsidwa.

Mu 2017 kafukufuku wa yunivesite ya Northwestern anapeza kuti makamerawa amachepetsadi ngozi zovulaza anthu, ndipo analimbikitsa kuti asachotsedwe onse, koma ena asamutsidwe pamalo pamene sakuthandiza. Mzindawu unavomeranso kuti dalaivala asamalipiritsidwe kufikira patadutsa masekondi 0.3 lofiira litayaka, m'malo mwa 0.1.