Udindo wa Wachiwiri kwa Nduna ya Zaumoyo m'Malawi

Kawirikawiri tikamatsegulira chipinda chatsopano cha amayi oyembekezera pa chipatala cha mishoni, kapena pamene anamwino akulandira masatifiketi awo, mlendo wolemekezeka wochokera ku boma amakhala Wachiwiri kwa Nduna ya Zaumoyo. Ambiri mwa ife timamuona pa mwambo wotere, koma sitidziwa bwino mphamvu zimene ali nazo ndi malire ake. Popeza Mpingo wathu uli ndi zipatala zambiri, n'koyenera kuti tiudziwe udindowu.

Zimene malamulo akunena

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, akupereka mphamvu kwa Mtsogoleri wa dziko yosankha nduna ndi achiwiri awo. Izi zili mu gawo 94. Wosankhidwayo ayenera kukhala nzika ya Malawi ya zaka zosachepera 21, yodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, komanso yolembetsa m'kaundula wa zisankho. Sikofunika kuti akhale dokotala, ndipo malamulo sakakamiza kuti akhale phungu, ngakhale kuti ambiri amatengedwa m'Nyumba ya Malamulo. Asanayambe ntchito amalumbira, ndipo amayenera kuulula chuma chake. Mtsogoleri wa dziko angathe kumuchotsa nthawi ina iliyonse.

Ntchito zake

Mu undunawu muli maudindo atatu amene sitiyenera kuwasokoneza. Nduna ndiyo mwini mfundo zoyendetsera zaumoyo. Mlembi Wamkulu ndi wogwira ntchito m'boma amene amayang'anira antchito ndi ndalama tsiku ndi tsiku. Wachiwiri kwa nduna amathandiza nduna: amayankha mafunso a aphungu nduna ikachokapo, amayendera zipatala, amatsogolera misonkhano ya katemera ndi ukhondo, ndiponso amaimira unduna pa zochitika zosiyanasiyana. Choncho mphamvu zake n'zochita kupatsidwa. Zimakula kapena kuchepa malinga ndi ntchito imene Mtsogoleri wa dziko ndi nduna amusiyira.

Tidziwenso kuti kuchokera pamene lamulo la maboma ang'onoang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, zipatala za m'maboma zakhala zikupita m'manja mwa makhonsolo, pamene zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zinatsalira ku likulu. N'chifukwa chake madandaulo ena amayenera kuyambira kwa Bwanamkubwa ndi mkulu wa zaumoyo wa m'bomalo asanafike ku Capital Hill.

Mbiri yake

Mchitidwe wokhala ndi nduna zazing'ono tinautengera ku Britain. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anthu otere ankatchedwa alembi a ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mmodzi mwa iwo anali mayi Rose Chibambo. Nkhani ya zipatala inalowa m'ndale kuyambira nthawi imeneyo: mu 1964 chimodzi mwa zinthu zimene zinayambanitsa Dr. Kamuzu Banda ndi nduna zake chinali ganizo loti odwala azilipira tiki ku zipatala za boma.

Mu ulamuliro wa zipani zambiri udindowu wakhala ukupezeka nthawi zina, nthawi zina ayi. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anapereka unduna wa zaumoyo kwa wachiwiri wake, a Khumbo Kachali, ndipo mayi Halima Daud ndiwo anakhala wachiwiri kwa nduna. Mu 2014 Pulezidenti Peter Mutharika anachepetsa nduna kufika pa 20, ndipo undunawu unalibe wachiwiri. Mu 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anasankha mayi Khumbize Kandodo Chiponda kukhala nduna, ndipo wachiwiri wawo anali mayi Chrissie Kalamula Kanyasho. Mu 2022 mpandowu unapita kwa a Enock Phale, kenako mu 2023 unabwereranso kwa mayi Daud. Zaka zimenezi zinali zowawa: kunagwa Covid-19, matenda a poliyo anapezekanso ku Lilongwe mu 2022, kolera inapha anthu oposa 1,700 pakati pa 2022 ndi 2023, ndipo namondwe wa Freddy anaononga zipatala m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023.

Kusinthasintha kumeneku kuli ndi vuto lake. Munthu akangoyamba kuzidziwa zipatala, amasamutsidwa, ndipo malonjezo ake amatsala opanda mwini.

Chifukwa chake zikutikhudza

Zipatala zathu zili pansi pa bungwe la CHAM, limene linayamba mu 1966 ndipo eni ake ndi Aepiskopi a Katolika pamodzi ndi bungwe la Malawi Council of Churches. Zipatala za CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Boma limalipira malipiro a antchito ake ambiri. Palinso mapangano oti amayi oyembekezera ndi ana azilandira chithandizo chaulere pa zipatala zina za mishoni, boma n'kubweza ndalamazo. Ndalamazi zikachedwa, mankhwala amasowa ndipo wovutika amakhala mayi wa kumudzi amene alibe kwina kolowera.

Aepiskopi athu, m'kalata yawo ya pa 8 Marichi 1992, anadandaula za kuthithikana kwa odwala, kuchepa kwa madokotala ndi kukondera pothandiza anthu. Atsogoleri a mu Africa nawo analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Izi ndizo miyeso imene tingayezere ntchito ya aliyense wokhala pa mpandowu.

Tsono Wachiwiri kwa Nduna akafika pa chipatala chathu, timulandire mwaulemu, koma tisathere pa magule ndi nyimbo. Akomiti a chipatala ndi a Chilungamo ndi Mtendere amupatse madandaulo olembedwa, asunge kalata ina, ndipo akafunse yankho kudzera mwa phungu wa dera lawo. Tiwapempherere atsogoleri amenewa, makamaka pa 11 Febuluwale, Tsiku la Odwala pa dziko lonse, kuti Mulungu awapatse mtima wotumikira osauka.