Miyala ya m'chigwa cha Luangwa, kuchokera kwa Dixey kufika pa njerwa za ku Mambwe

Ambiri akamasimba mbiri ya chigwa cha Luangwa ku Zambia amayambira mu 1950, pamene Norman Carr ndi Mfumu Nsefu anagwirizana zopatula malo oti alendo azidzaonerako nyama. Komatu akatswiri a miyala anali atapondamo kale m'chigwachi, ndipo zimene anapeza zimakhudza boma la Mambwe mpaka pa khoma la nyumba.

Za poyambirira n'zochepa. Mu 1925 kunapezeka mafupa osanduka miyala kumtunda kwa chigwa, kumpoto kwa Mambwe. Amene anailondola nkhaniyo ndi Frank Dixey, mkulu wa kafukufuku wa miyala ku Nyasaland, yemwe dzina lake lili pa chinyama chamakedzana cha ku Karonga, Malawisaurus dixeyi. Iye anafika ku Luangwa mu 1928, anabwereranso mu 1935, ndipo mu 1937 anasindikiza zimene anaona: chigwachi ndi dziko lotitimira pakati pa ming'alu ikuluikulu, lodzaza ndi miyala ya Karoo, imene kale inali matope ndi mchenga wa m'nyanja ndi m'mitsinje. Ina mwa miyalayi ili ndi zaka zoposa 250 miliyoni.

Ntchito ya katswiri imaoneka kulemera kwake ena akamayenda m'mapazi ake, ndipo a Dixey anatsatidwa ndithu. Lieuwe Boonstra wa ku Cape Town anafotokoza mafupawo mu 1938. Alan Drysdall ndi James Kitching anabwereza ulendowo mu 1960 ndi 1961, nasindikiza lipoti mu 1963, chaka chimene nyama ina yamakedzana inatchedwa Luangwa drysdalli. Chaka chomwecho kunabwera gulu la ku London, mu 1974 la ku Oxford, ndipo kuyambira 2009 akatswiri a ku America, France ndi South Africa akhala akukumba limodzi ndi bungwe la boma losunga za makolo, la National Heritage Conservation Commission.

Ambiri mwa iwowa maso anali pa mafupa. Dothi lochokera ku miyala yomweyo, limene Akunda amaumbira njerwa ndi kumangapo nyumba, silinapeze olitsatira ochuluka chotero, pakuti ndalama za kafukufuku zimakonda chigaza chimene chingapatsidwe dzina la Chilatini. Chonsecho nyumba zakale ziliko. Ku Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu anayambitsa mishoni ya Anglican namwalira komweko mu 1913, kuli tchalitchi chachikulu cha St Luke. Ku Nsefu timanyumba tozungulira ta msasa wa 1951 tikadaimabe. Lamulo la 1989 limateteza mafupa amakedzana pamodzi ndi zomangidwa chisanafike chaka cha 1924, koma lamulo silimata ming'alu.

Chimene dothili limachita chinaonekera poyera mu Febuluwale 2007, Luangwa atasefukira. Madzi analowa m'midzi ya kufupi ndi Mfuwe, malo ambiri ogona alendo anatsekedwa, mabanja anathawira kumtunda. Nyumba za zidina zinayamba kusungunukira kunsi. Za njerwa zootcha zinapirirako, koma vuto la nyumba zotere limadza mochedwa, madzi ataphwa. Makande a m'chigwa amafufuma akanyowa, kenako amang'aluka m'chilimwe, ndiye maziko osazama amakwera ndi kutsika, khoma n'kugawikana. Njerwa nayo imamwa chinyontho kuchokera pansi pamodzi ndi mchere wa m'nthaka (mchere m'chigwa muno suchita kufunafuna, akasupe a ku Chichele ndi mboni). Dzuwa la mu Okutobala likaumitsa khoma, mcherewo umaundana m'timabowo ta njerwa n'kuifumbutsa pang'onopang'ono.

Apa m'pamene okonza ambiri amalakwitsa, ngakhale ali ndi mtima wabwino. Khoma lakale likayamba kuyoyoka amathamangira pulasitala wa simenti, poti ndiye wopezeka m'sitolo ndipo amaoneka wolimba. Koma simenti ndi youma gwaa kuposa njerwa yootchedwa pa uvuni wa nkhuni, ndiponso imatsekera chinyontho m'kati. Pakapita nyengo zingapo pulasitalayo amasupuka atanyamula nkhope ya njerwa. Akatswiri osamalira nyumba zakale amalangiza matope a laimu, kapena dothi lofanana ndi limene amisiri oyamba anagwiritsa ntchito, chifukwa limalola khoma kuuma ndipo limatha lokha m'malo mwa njerwa. Amatinso ngalande ziyambe zakonzedwa, denga lituluke mokwanira kuti mvula isamenye khoma, ndipo njerwa yolowa m'malo mwa yofumbwa iumbidwe ndi dothi la m'dera lomwelo, pa chikombole cha muyeso wakale.