Mpweya wokwiriridwa pansi: nkhani yomwe inayambira ku zitsime za mafuta

Pa misonkhano ya kusintha kwa nyengo, anthu amakonda kunena kuti kugwira mpweya wa carbon dioxide n'kuukwirira pansi pa nthaka ndi luso latsopano. Latsopano liti? Ntchitoyi inamera imvi kalekale, ndipo amene anaiyamba sankaganiza n'komwe za nyengo.

Munali mu 1972, ku Texas m'dziko la America, pamene okumba mafuta anayamba kupopera mpweyawu m'zitsime zomwe zinkaphwa. Ankafuna kuti ukankhe mafuta okakamira m'miyala. Mpweya unkalowa, mafuta n'kutuluka, n'kukapsa m'magalimoto. Kwa zaka zoposa 20 ntchito yake yaikulu inali yomweyi.

Zinthu zinasinthira ku Norway, ndipo chinazisintha ndi msonkho. Mu 1991 boma linaika msonkho pa mpweya wotuluka m'migodi ya mafuta ndi gasi ya panyanja. Gasi wa ku Sleipner, pa nyanja ya North Sea, anali ndi carbon dioxide pafupifupi magawo 9 pa 100 aliwonse, wofunika kuchotsa gasiyo asanagulitsidwe. Eni mgodi atawerengera anapeza kuti kukwirira n'kotchipa kusiyana ndi kulipira. Kuyambira 1996 anayamba kutsitsa matani pafupifupi 1 miliyoni pachaka m'mwala wamchenga wodzaza madzi amchere, pafupifupi kilomita imodzi pansi pa nyanja. Mwalawo unaumwa bwinobwino, ndipo ambiri anangoti basi, mankhwala apezeka.

Koma mwala ndi mwala zimasiyana. Mu 2004, pa mgodi wina wa gasi m'chipululu cha Sahara ku Algeria, anayamba kupopera mpweya pafupifupi makilomita awiri pansi. Mwala wakumeneko unali wopyapyala, wa mamita pafupifupi 20, komanso wothina, wosamwa msanga. Woima pamchengapo sakanaona kanthu. Amene anaona ndi makina a m'mlengalenga, masetilaiti, omwe anasonyeza kuti pamwamba pa zitsimezo nthaka ikutupa mamilimita ochepa chaka chilichonse. Mu 2007 kampweya pang'ono kanapezeka kakutulukira pa chitsime chakale, ndipo anachitseka. Kenaka akatswiri anayamba kukayikira kuti mphamvu yopoperayo ikung'amba m'munsi mwa mwala womwe unali ngati chivundikiro. Mu 2011, atakwirira matani pafupifupi 3.8 miliyoni, ntchito inaima.

Palibe ngozi yaikulu imene inachitika. Ine ndimaona kuti vuto linali changu: kuyamba kupopa asanaudziwe bwino mwalawo, poganiza kuti zimene zinatheka panyanja zitheka paliponse. Changu chomwecho chinagwetsanso mapulani ambiri ogwira mpweyawu pa nyumba zopangira magetsi ndi malasha, omwe analengezedwa ndi ng'oma koma n'kufera pa pepala mtengo utakwera.

Ku Iceland anayesa njira ina. Kuyambira 2012 ankasungunula mpweyawu m'madzi n'kuuthira m'miyala yochokera ku ziphalaphala za mapiri ophulika, ndipo pasanathe zaka ziwiri pafupifupi wonse unali utasanduka mwala. Kungoti njirayi imadya madzi ambiri.

Mu 2024 makina onse ogwira mpweyawu padziko lapansi akanatha kugwira matani pafupifupi 50 miliyoni pachaka, pamene mafuta, malasha, gasi ndi mafakitale zinkatulutsa matani oposa 37 biliyoni. Ndipo pa wogwidwawo, wambiri ukupitabe m'zitsime zakale kukakankha mafuta.