Chivundi

Mawu akuti chivundi, amene makolo athu ankanena za nyama yogonera pamalo otentha, ndipo omasulira Buku Lopatulika anawasankha ponena za thupi loikidwa m'manda, ndiwo amene ndiwaona oyenera pa tsoka limene ligwera mafayilo a mu seva. Pakuti chovunda sichisowa monga chisowera chobedwa, koma chikhala pamalo pake, ndi dzina lake lomwe, chitafa m'kati.

Ndinachiona ndi maso anga mu ofesi ina ku Kitwe m'chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuthima kwa maola ambiri. Seva inali kulandira zigamba zoiteteza kwa akuba, magetsi nathima ntchito ili pakati. M'mawa mwake kaundula wa malipiro a antchito, ngakhale anaoneka wamphumphu, anatsegukira zilembo zosokonezeka zimene palibe mlembi akanatha kuziwerenga. Mmisiri amene tinamuitanitsa ku Ndola, podziwa kuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola, anayamba waletsa aliyense kulembanso kanthu pa disiki ya sevayo, naikopera yonse padera, ndipo atatero ndi pamene anaiyeza ndi pulogalamu yofufuza zolakwika pa disiki yotchedwa chkdsk, nabweza kaundulayo kuchokera pa kope la dzana.

Ena anena "kuwonongeka", koma mawuwo andichepera, popeza mphika wosweka nawonso ngwowonongeka, ndipo kusweka kwake kuonekera patali. Chivundi chiyamba mwakachetechete, ndipo chikhoza kulowa ngakhale m'makope osungidwa mwini wake asanamve fungo.