Chikondi Choyamba cha Khanda

Chikondi choyamba cha khanda ndi ubale wa mumtima umene mwana amamanga ndi womulera m'miyezi yoyamba ya moyo wake, ndipo akatswiri ofufuza maganizo obisika a munthu akhala akusiyana pofotokoza gwero lake. Sigmund Freud ankati khanda limakonda mayi chifukwa cha bere limene limathetsa njala, pamene Melanie Klein anaphunzitsa kuti poyamba khanda limaona mabere awiri, labwino lopezeka msanga ndi loipa lochedwa, kenako n'kuzindikira kuti onsewo ndi a mayi mmodzi. John Bowlby, m'buku lake la 1969, anakana zoti njala ndiyo gwero, nati khanda limabadwa likufuna kukhala pafupi ndi woliteteza, mfundo imene inalimbikitsidwa ndi kafukufuku wa Mary Ainsworth ku Uganda mu 1954 ndi 1955.

Ku Mangochi, kumene Ayao ambiri amatsata mtundu wa kuchikazi ndipo abambo ambiri amachokapo kupita kunyanja kapena ku Johannesburg, khanda limaberekedwa ndi mayi, agogo, amayi aang'ono ngakhalenso achemwali ake, kotero kuti chiphunzitso choyang'ana mayi yekha sichifotokoza mokwanira mmene mwana wotere amakhulupirira anthu angapo nthawi imodzi.