Kodi ku France kulinso Britain?

FUNSO: Wowerenga wina wa ku Nchalo akufuna kudziwa kumene kunachokera dzina la Montfort, lomwe lili pa chipatala cha Katolika kwawoko. Akuti anamvanso kuti mwini dzinalo anali wa ku "Britain wa ku France". Kodi n'zoona?

YANKHO: N'zoona ndithu. Louis-Marie Grignion anabadwa mu 1673 m'tauni ya Montfort-sur-Meu, kufupi ndi mzinda wa Rennes, ndipo ankadziwika ndi dzina la kwawoko. M'Chifalansa, Montfort ndiye kuti "phiri lolimba". Ansembe a chipani chimene iye anayambitsa anafika kuno ku Malawi mu 1901, nakatsegula mishoni ku Nzama m'boma la Ntcheu.

Tauni ya Montfort-sur-Meu ili m'chigawo cha Bretagne, chomwe Angerezi amati Brittany, kumpoto chakumadzulo kwa France. M'masiku a Aroma derali linkatchedwa Armorica, kutanthauza dziko la m'mphepete mwa nyanja. M'zaka za m'ma 400 ndi 500, anthu ambiri a pachilumba cha Britain anaoloka nyanja, ena pothawa mitundu ya Angles ndi Saxons yomwe inkalanda minda yawo. Anafika ndi mafumu awo, ansembe awo, chilankhulo chawo, mpaka dziko lomwe linawalandira linatenga dzina la alendowo. Posiyanitsa malo awiriwa, anthu anayamba kunena kuti Britain Wamng'ono ndi Britain Wamkulu. Choncho "Great" wa mu Great Britain poyamba sankatama mphamvu za ufumu ayi, ankangonena kukula kwa chilumbacho.

Kwa munthu wa ku Chikwawa nkhaniyi si yachilendo. Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone anakhazikika m'chigwa cha Shire m'zaka za m'ma 1860, ndipo maufumu monga a Kasisi, Katunga ndi Maseya alipo mpaka lero. Kusiyana kwake n'kwakuti Amakololo anali ochepa, ndiye chilankhulo chawo chinamira m'Chimang'anja, pomwe alendo a ku Bretagne anasunga chawo. Chilankhulo cha ku Bretagnecho chimafanana ndi cha ku Wales, ndipo eni ake amatchula dziko lawo kuti Breizh. Chomvetsa chisoni n'chakuti ochilankhula akucheperachepera, poti Chifalansa chinatenga malo m'sukulu ndi m'maofesi.

Bretagne anali ndi olamulira akeake kwa zaka mazanamazana, ndipo anaphatikizidwa ku ufumu wa France mu 1532.