Mabuku Awiri Amene Anayamba ndi Mwana

Tikamasankha buku loti tiwerengere ana aang'ono, tikumbukire mmene mabuku awiri otchuka a ku England anabadwira.

Pa 4 July 1862, Charles Dodgson, mphunzitsi wa masamu ku Oxford, anali m'bwato ndi atsikana atatu apachibale. Pofuna kuwasangalatsa anawasimbira nthano, ndipo mmodzi wa iwo, Alice Liddell, anaumirira kuti ailembe. Nthanoyo inatuluka mu 1865 ndi mutu wakuti Alice's Adventures in Wonderland, pa dzina la Lewis Carroll.

Mu 1893, Beatrix Potter analembera kalata Noel Moore, mwana wa zaka 5 amene anali kudwala. M'kalatamo munali nkhani ya kalulu wosamvera mayi ake, pamodzi ndi zithunzi. Osindikiza mabuku ataikana nkhaniyo, mu 1901 iye analipira yekha makope 250 a The Tale of Peter Rabbit, kabuku kokwana m'manja mwa mwana.

Nkhani ziwirizi zinayamba kufika kwa mwana zisanafike kwa osindikiza. Ifenso tisanyengeke ndi chikuto. Tiwerenge masamba awiri mokweza, maso ali pankhope ya mwanayo. Akafunsa kuti "ndiye kenako?", buku talipeza. Akayamba kuyasamula tisamukalipire, angadane ndi kuwerenga, titenge lina.